Mtendere umene tinaulipira m'komboni

Nkhani yokambidwa kwa makolo ndi achinyamata pa msonkhano wa mipingo ku Kanyama, mu Lusaka

Mwandipempha kuti ndikambe za nkhondo ndi mtendere monga munthu amene wakhala mu Kanyama muno kuyambira masiku a UNIP. Ntchito yanga inali ya choko ndi bolodi. Zimene ndinene pano zina ndinaziona ndi maso anga, zina dziko lonse likuzidziwa.

Pali mawu amene ife a Zambia timawakonda kwambiri, akuti dziko lathu ndi la mtendere, sitinaonepo nkhondo. Timawanena pa wailesi, pa maliro, ngakhale m'basi yopita ku tauni. Mbali ina ndi oona, ndipo ndimayamika Mulungu. Angola inamenyana yokhayokha kuyambira 1975 mpaka 2002. Mozambique inakhetsa magazi mpaka 1992. Congo mpaka lero sinapume. Ife, tili pakati pa mayiko asanu ndi atatu, sitinagawikane magulu ankhondo olimbirana boma. Koma mawu amenewa akanenedwa kawirikawiri amagoneka munthu tulo, ayamba kuganiza kuti mtendere tinabadwa nawo m'magazi ndipo sungatichoke. Ine ndikuti mtendere wathu unagulidwa, ndipo amene analipira kwambiri ndi anthu a m'makomboni ndi a m'midzi ya m'malire. Ndikutinso tikhoza kuutaya popanda mdani wochokera kunja, chifukwa tsiku lina unatipulumuka m'manja mu Kanyama mwenimuno.

Nkhondo inatikhudza kalekale. Mukamadutsa mu Burma Road, kapena mukamamva za Arakan Barracks, za Kohima ndi Chindwin ku Kabwe, Tug Argan ku Ndola, Gondar kwathu ku Chipata, dziwani kuti amenewo ndi mayina a malo a ku Burma, India, Somaliland ndi Ethiopia kumene kunamenyedwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, imene agogo athu a Northern Rhodesia Regiment anakafera. Ndipo mu 1964, miyezi yochepa mbendera yathu isanakwezedwe, ku Chinsali ndi ku Lundazi kunafa anthu oposa 700 pa mkangano wa boma ndi mpingo wa Lumpa wa mayi Alice Lenshina. Amenewo anali a Zambia okhaokha. Nkhaniyi sitiikamba kawirikawiri, koma inachitika.

Nkhondo imene mbadwo wanga unakulira inayamba pa 11 Novembala 1965, pamene Ian Smith analengeza kuti Rhodesia yadzipatsa ufulu pansi pa ulamuliro wa azungu ochepa. Ufulu wathu unali ndi chaka chimodzi chokha. Tinalibe doko, ndipo mafuta, malasha a ku Wankie ndi katundu wa m'masitolo zonse zinkadzera kumwera. Petulo anayamba kuvuta. Malole ankanyamula migolo ya mafuta kuchokera ku Dar es Salaam pa msewu wafumbi umene madalaivala anautcha Hell Run chifukwa cha anzawo amene anathera m'njira. Paipi ya TAZAMA inatha mu 1968, njanji ya TAZARA, yomangidwa ndi thandizo la China, inafika ku Kapiri Mposhi mu 1975. Mu Januwale 1973 Smith anatseka malire. Atafuna kutsegulanso, Pulezidenti Kaunda anakana, ndipo njanji yakumwera sitinaigwiritse ntchito mpaka Okutobala 1978. Pakati pa zaka zimenezo mtengo wa kopa unagwa.

Zimenezi m'mabuku zimalembedwa m'mizere iwiri. M'komboni zinali mzere wa anthu pakhomo la sitolo ya ZCBC, ya NIEC kapena ya Mwaiseni, kuyambira tambala woyamba. Ukaona anthu afola, unkayamba waima kumbuyo kwawo, kenako n'kufunsa kuti kwabwera chiyani, saladi kodi, sopo, mchere kapena shuga. Amayi ankabereka mwana kumsana, wina atamugwira padzanja kuti nayenso awerengedwe ngati wogula. Ambiri mwa amayi amene akhala kutsogolo kunowa anaima m'mizere imeneyo, afunseni.

M'zaka zomwezo Lusaka inali mudzi wa othawa kwawo. ZAPU, ZANU, ANC, SWAPO, FRELIMO ndi MPLA anali ndi maofesi ku Liberation Centre, mu Chilimbulu Road. Oliver Tambo wa ANC anakhala zaka zambiri mu mzinda uno. Anyamata awo ankachita lendi m'makomboni ngati ife, ku Lilanda, ku Matero, ku Mtendere, ena anakwatira alongo athu, ana awo tinawaphunzitsa m'makalasi athu. Ndipo amene ankawasaka sankasankha khomo. Pa 18 Malichi 1975 bomba linaphulika m'galimoto ya Herbert Chitepo, mtsogoleri wa ZANU, pa nyumba yake ku Chilenje South. Anafa iye ndi womulondera, ndipo anafanso mwana wa nyumba yoyandikana nayo, mwana wa Zambia amene sankadziwa n'komwe kuti Rhodesia ili mbali iti.

Chaka cha 1978 sindidzachiiwala. Chinayamba ndi madzi. Mvula ya chaka chimenecho inagwetsa nyumba zambiri zadothi muno mu Kanyama, mabanja anagona m'masukulu ndi m'matchalitchi, ndipo mpaka lero akuluakulu amati "chaka cha Kanyama Disaster". Tisanamalize kumanganso, mu Okutobala, kunabwera ndege.

Linali Lachinayi, pa 19 Okutobala, m'mamawa. Masiku amenewo ndinkaphunzitsa cha ku Matero. Tinali titangoyamba phunziro pamene tinamva kugunda kochokera kumpoto, kolemera, kotsatizana, magalasi a mawindo akunjenjemera. Mwana wina anati ndi mabingu, koma kumwamba kunali kwa Okutobala, kopanda mtambo. Ana anathamangira kumawindo, ine ndikuwauza kuti agone pansi pa madesiki, ndipo sindinkadziwa ngati ndikuwauza zoyenera. Inali Chikumbi, kampu ya ZAPU imene inkatchedwa Freedom Camp, makilomita pafupifupi 20 kuchokera mu mzinda. Ndege za Rhodesia zinaiphulitsa anthu atasonkhana pabwalo. Woyendetsa ndege wina, amene ankadzitcha Green Leader, analankhula ndi nsanja ya pa bwalo la ndege la Lusaka n'kulamula kuti ndege zathu zankhondo zisanyamuke, ndipo kwa kanthawi mlengalenga mwa dziko lathu munali m'manja mwa alendo. Tsiku lomwelo anaukiranso kampu ya ku Mkushi, kumene kunali atsikana ambiri. Joshua Nkomo, mtsogoleri wa ZAPU, ananena kuti pa Chikumbi pokha panafa anthu oposa 200 ndipo ovulala anaposa 600.

Masana ake ndinaima m'mbali mwa Great North Road pamodzi ndi khamu la anthu. Maambulansi sanakwane. Ovulala ankabwera m'malole, m'mavani a anthu wamba, m'galimoto iliyonse imene inapezeka, kulunjika ku chipatala cha UTH. Ndimakumbukira lole ina yotsegula kumbuyo, mnyamata atakhala tsonga pakati pa anzake ogona, atagwira mkono wake ndi dzanja linalo, maso ali gwa kutsogolo, osalira. Palibe amene ankalankhula pamsewupo. Uthenga utamveka kuti kuchipatala kukufunika magazi, anthu anapita, ambiri a iwo ochokera m'makomboni, anthu amene m'mawa womwewo anali pamzere wa sopo. Sanafunse kuti magaziwo alowa mwa Mndebele kapena mwa Mshona.

Ndiyenera kunenanso mbali inayo, chifukwa nkhondo siisiya munthu ndi manja oyera. Kuukira kumeneku kunali kubwezera. Pa 3 Seputembala chaka chomwecho asilikali a ZIPRA, gulu lankhondo la ZAPU, anagwetsa ndege yonyamula anthu wamba ya Air Rhodesia itangonyamuka ku Kariba, ndipo ena mwa amene anapulumuka anaomberedwa pansi. Chifukwa chimene Nkomo ndi anzake ankamenyera chinali cholungama, ndipo ndimakhulupirira zimenezo mpaka lero. Koma ana amene anali m'ndege ija anali ana, monga mwana wa ku Chilenje South uja.

Chaka chotsatira zinakula. Usiku wa Lachisanu Loyera, pa 13 Epulo 1979, asilikali a Rhodesia analowa mu Lusaka pa magalimoto n'kugumula nyumba ya Nkomo, kufupi ndi State House. Mwini wake sanamupeze. Mu Okutobala anaphulitsa milatho ya pa Chambeshi, wa msewu ndi wa njanji, mu Novembala milatho ina, kuphatikizapo wa pa Chongwe, pa msewu wopita kwathu kum'mawa. Anatsekanso chimanga chimene tinagula kumwera kuti chisadutse. Usiku tinkazimitsa nyali. Ana omaliza Form Five ankapita ku National Service kukaphunzira kugwira mfuti, atsikana ndi anyamata omwe. Madandaulo analipo, ndipo ena ankafunsa poyera kuti tikuvutikiranji chifukwa cha nkhondo ya eni. Kukayikirana kunaliponso: pambuyo pa Chikumbi, azungu ena anamenyedwa mu Cairo Road powaganizira ukazitape, ndipo munthu wosadziwika pa komboni ankafunsidwa chitupa cha reji ndi anthu amene analibe udindo womufunsa. Koma alendo athu sitinawathamangitse. Mgwirizano wa ku Lancaster House unasainidwa pa 21 Disembala 1979, ndipo pa 18 Epulo 1980 Zimbabwe inalandira ufulu. Sungani tsiku limenelo, 18 Epulo, ndibwereranso.

Ndege za South Africa nazonso zinabwera, pa 19 Meyi 1986, n'kuponya mabomba ku Makeni, pafupi pomwepa, pamalo pamene panali othawa kwawo. Koma kwa ife a kum'mawa nkhondo imene inatilowa m'nyumba inali ya ku Mozambique. Kwathu ndi cha ku Chadiza. Kumeneko malire ndi mzere wa pa mapu. Achewa a uku ndi a uko ndi ana a Kalonga Gawa Undi, amakumana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, amakwatirana, amaikana maliro. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zigawenga za RENAMO zinayamba kuoloka n'kumaukira midzi ya m'maboma a Chadiza, Katete ndi Petauke, kupha, kulanda ng'ombe ndi kugwira anthu kuti awasenzere katundu. Nditapita kumudzi pa holide ina ndinapeza kuti dzuwa likamalowa mudzi umasamuka. Amayi anga, nkhalamba, ankapinda mphasa n'kutenga bulangete kupita kukagona kutchire, kumunsi kwa dimba, n'kubwerera m'mawa kudzaona ngati nyumba ikadalipo. Mbuzi ankazimanga kutali ndi pogona kuti zikalira zisaulule anthu. Ndipo pakhomo pathu pomwepo panali banja lochokera kutsidya, abale a malemu atate anga, amene anafika ndi mphika umodzi ndi ana. Amayi anawapatsa chigawo cha munda. Nditawafunsa kuti chakudya chikwana bwanji, anandiyankha kuti chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Boma linatsegula malo a othawa kwawo ku Ukwimi, m'boma la Petauke, mu 1987, ndipo anthu zikwizikwi a ku Mozambique analima kumeneko. Abale athu a ku Malawi, dziko laling'ono lija, analandira oposa miliyoni imodzi. Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama atasaina mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera kwawo. Banja lija linabwereranso, koma mwana wawo wamkazi mmodzi anatsala, anakwatiwa m'mudzi mwathu, ndipo adzukulu ake lero ndi a Zambia ngati inu.

Tsiku limene tinayandikira kwambiri kugwa linali la unga. Mu Juni 1990 mtengo wa unga unakwera kuposa kawiri, ophunzira a ku yunivesite ya UNZA anatuluka, makomboni anawatsatira, masitolo anathyoledwa, ndipo anthu oposa 20 anafa. Pa 30 Juni msilikali wina, Mwamba Luchembe, analengeza pa wailesi kuti asilikali atenga boma, ndipo anthu anavina m'misewu kwa maola ochepa zisanadziwike kuti zalephereka. Mayiko ambiri a mu Africa anagwera pamalo ngati pamenepo. Ife tinapulumuka chifukwa anthu anasankha kukhala pansi. Mu Julayi 1991 atsogoleri a mipingo anakhazika a Kaunda ndi a Chiluba, mtsogoleri wa otsutsa boma, mu Cathedral of the Holy Cross kuti amvane za malamulo a dziko. Pa 31 Okutobala tinavota, a Kaunda anagonja, ndipo munthu amene analamulira zaka 27 anavomera n'kutuluka mu State House. Ine ndinali mmodzi mwa amene anatopa ndi chipani chimodzi, koma chimene anachita tsiku limenelo ndimachilemekeza kuposa zonse zimene anachita. Mzinda uno unakhala malo amene ena ankabwera kudzasainira mtendere wawo: Portugal ndi FRELIMO mu 1974, Angola mu 1994, Congo mu 1999.

Tsopano ndifike pa chimene chandibweretsa pano, ndipo ndikupempha kuti mundimvere ngakhale chikhale chowawa.

Mu 1994 ku Rwanda kunaphedwa anthu pafupifupi 800,000 m'masiku 100. Ambiri sanaphedwe ndi ndege kapena mizinga. Anaphedwa ndi zikwanje, ndi anthu amene ankawadziwa mayina, wailesi ikuwauza kuti mnansi wawo ndi mdani. M'zaka zotsatira anthu a dziko limenelo anabalalika, ena anayenda pansi kudutsa nkhalango za Congo ndi Angola mpaka kufika kumalo a othawa kwawo ku Meheba. Ena a iwo pambuyo pake anabwera mu Lusaka n'kutsegula timasitolo m'makomboni. Mukuwadziwa. Amatsegula kusanache, amatseka usiku, amagulitsa timapaketi ta unga ta pamela, saladi wa m'kapulasitiki, dzira limodzi, ndipo ali ndi kabuku kolembamo ngongole za amayi a pa layini mpaka mwezi uthe. Ana awo anabadwira ku chipatala chathu, amalankhula Chinyanja cha mu Lusaka kuposa ine.

Kuyambira mu Malichi 2016 mitembo inayamba kupezeka cha ku George, Zingalume ndi Matero, itachotsedwa ziwalo. Mantha anali oona, ndipo anthu anali ndi chifukwa chokwiyira, chifukwa ophawo sankagwidwa. Kenako kunabuka mphekesera yakuti ziwalozo zapezeka mufiriji ya mwini sitolo wa ku Rwanda. Palibe amene anaziona, aliyense anangomva kwa wina amene anamva kwa wina. Lolemba pa 18 Epulo, tsiku lija Zimbabwe imakumbukira ufulu umene tinauthandiza ndi magazi athu, makomboni a Lusaka anaukira alendo awo. M'masiku awiri masitolo oposa 60 anathyoledwa, anthu oposa 250 anamangidwa, ndipo Pulezidenti Edgar Lungu anatumiza asilikali m'makomboni. Anthu mazanamazana anathawira ku tchalitchi cha St Ignatius, kukagona pansi ndi ana awo, anthu amene anathawapo kale kamodzi.

Ndinaona sitolo imodzi ya pa layini yathu itathyoledwa. Chitseko chachitsulo anachipinda ndi mgwala. Mkati munatsala mashelefu okha, unga utamwazika pansi, mapazi a anthu atadinda m'menemo, aakulu ndi aang'ono. Mapazi aang'onowo ndi amene anandipweteka mtima, chifukwa zinaonetsa kuti makolo anabwera ndi ana awo kudzathandiza kunyamula. Pakhomo panagwa kabuku ka ngongole kaja, kotseguka, katanyowa ndi saladi. Mayina amene anali m'menemo anali a anthu a pa layini yomweyo. Amene anathyola sanachokere kutali.

Ndipo muno mu Kanyama, tsiku limenelo, anthu awiri anatenthedwa amoyo ndi matayala ndi nkhuni. Apolisi atafufuza anapeza kuti onse awiri anali a Zambia. Khamu limene linkati likusaka mlendo wakupha linapha ana a dziko lino, popanda mlandu, popanda mboni, popanda kuwafunsa dzina. Mwezi wotsatira apolisi anamanga anthu anayi powaganizira za kupha kuja, ndipo panalibe wa ku Rwanda ngakhale mmodzi.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti zinatheka bwanji. Mu 1978 tinali osauka kuposa mu 2016, adani enieni anali m'mwamba ndi mabomba, ndipo tinapereka magazi kwa alendo. Mu 2016 kunalibe ndege, kunalibe Smith, ndipo tinawatentha anzathu. Ena amati ndi umphawi. Umphawi ulipo, sindikukana. Mnyamata amene wamaliza Grade 12 n'kumakhala pa siteshoni zaka zisanu akuitanira mabasi ali ndi mkwiyo umene ukufuna pogwera. Komboni yathu yakhala pa mwala wa laimu, madzi ali pafupi ndi nthaka, zimbudzi ndi zitsime zimamwerana, mvula ikagwa timayenda m'madzi ofika m'mawondo. Mu Januwale 2018, kolera itavuta, boma linaletsa kuyenda usiku mu Kanyama, asilikali anachotsa ogulitsa m'misewu, ndipo anthu anachita chipolowe chifukwa njala inawaopsa kuposa matenda. Munthu wokhala moyo wotere mtendere amaumva pa wailesi pokha. Amene amatilamulira ayenera kudziwa kuti ngalande, mpopi wa madzi abwino ndi ntchito ya mnyamata ndi mbali ya chitetezo cha dziko, mofanana ndi asilikali a ku Arakan.

Koma umphawi wokha sufotokoza, chifukwa amayi anga anali osauka kuposa tonsefe. Ndikuona zinthu ziwiri zimene zinasintha m'moyo wanga ndikuona. Choyamba, kale tinkadziwa chifukwa chimene mlendo alili pakati pathu. Wailesi inkanena, sukulu inkaphunzitsa, atsogoleri ankabwereza mpaka kutopetsa, kuti awa athawa nkhondo ndipo ndi udindo wathu kuwasunga. Za a ku Rwanda, a ku Burundi ndi a ku Congo palibe amene anakhala pansi kutifotokozera. Tinangowaona atatsegula sitolo, ndipo munthu amene sudziwa mbiri yake n'kosavuta kumupekera ina. Chachiwiri, mphekesera inapeza miyendo. Kale bodza linkayenda pansi, ndipo lisanafike ku layini yachitatu linkakumana ndi wamkulu wina wolifunsa kuti wakuuza ndani, unaona ndi maso ako kodi. Lero limafika pa foni ya aliyense nthawi imodzi, ndi chithunzi chimene palibe akudziwa kumene chinajambulidwa, ndipo wamkulu uja amalimva pamene matayala ayaka kale.

Umboni wakuti sitinaphunzire unabwera mu 2020, pa nkhani ya kupopera mankhwala oopsa m'nyumba za anthu imene inayambira ku Chingola. Anthu pafupifupi 50 anaphedwa ndi makamu m'dziko lonse pongowaganizira, ena a iwo odwala misala, ena apaulendo amene anangosochera njira. Ndipo chakumapeto kwa Julayi 2021, chisankho chili pafupi, anyamata awiri anaphedwa mu Kanyama pa mikangano ya zipani, asilikali n'kubweranso m'misewu yathu. Pa 12 Ogasiti tinavota mwamtendere, boma linasintha kachitatu popanda nkhondo, dziko lonse linatiyamikira. Koma m'nyumba ziwiri za muno munali maliro, ndipo amene anawatuma anyamata kukamenyana sanagone pa maliropo.

Ana anga, inu a kumbuyoko, ndilankhule nanu mwachindunji. Ndili mnyamata, nditaona malole aja pa Great North Road, ndinkalakalaka mfuti. Ndikudziwa mmene magazi amawirira, ndipo sindikukunyozani. Chimene zaka zandionetsa n'chakuti khamu likatha, aliyense amabwerera kunyumba yekha, ndipo amagona yekha ndi zimene manja ake achita. Alipo amuna muno mu komboni amene anaponya tayala tsiku lija. Ena tikupemphera nawo. Sindikudziwa mayina awo ndipo sindikuwafuna, koma sindikhulupirira kuti amagona bwino. Wandale akakupatsani chikwanje ndi ndalama ya chibuku, muyang'aneni bwino, mufunse kumene ana ake ali tsiku limenelo. Uthenga ukafika pa WhatsApp wakuti wakuti wagwidwa ndi ziwalo, musautumize kwa wina musanafunse amene anaona. Mukaona munthu wazunguliridwa, itanani akuluakulu, imbani foni ku polisi, imani pafupi naye muli angapo. Khamu limachita mantha ndi anthu amene akulitchula mayina.

Zimenezi si zongolankhula, chifukwa zinachitika. Pa layini ina kuseri kwa msika, landilodi wina wachizimayi, wamasiye, anamva phokoso likubwera, anatenga mkazi wa mwini sitolo ndi ana ake n'kuwalowetsa kuchipinda kwake, iye n'kukhala pampando pakhomo atavala chitenje cha mpingo. Anyamata atafika anawatchula mmodzimmodzi, uyu mwana wa uje, uyu ndinamusambitsa ali khanda, n'kuwauza kuti amene akufuna kulowa ayambe wamukankha iye. Sitolo anaithyola, koma m'nyumbamo sanalowe. Amayi otere analipo ambiri mu Kanyama, mu George ndi mu Chawama, ndipo nyuzipepala sizinawalembe.

Kwa inu abusa ndi akuluakulu ndili ndi zopempha ziwiri. Anthu a ku Rwanda amene anathawa kale anachotseredwa udindo wa othawa kwawo mu 2013, ndipo ambiri a iwo, pamodzi ndi ana awo obadwira kuno, akhala zaka ali pakati, opanda mapepala okhazikika. Mwana amene alibe pepala sapeza ntchito yolembedwa, amaopa kupita ku polisi akalakwiridwa, ndipo aliyense akudziwa kuti akhoza kumuchita chipongwe popanda mlandu. Ambiri amapemphera m'mipingo yathu ndipo amaimba m'makwaya athu. Mipingo inakhazika a Kaunda ndi a Chiluba pa tebulo limodzi. Ikhozanso kupita ku ofesi ya Commissioner for Refugees ndi kwa phungu wathu kukalankhulira ana amenewa, osatopa, mpaka nkhani yawo ithe.

Chachiwiri n'chokhudza anthu awiri aja. Ku Chikumbi ndi ku Mkushi kuli zipilala, ndipo abale athu a ku Zimbabwe amabwera kudzaika nkhata za maluwa pa manda a anthu awo. Amene tinawatentha ife alibe chipilala, ndipo ambiri a ife sititha kunena kuti anali ana a yani. Ndikupempha kuti mipingo ya mu Kanyama ifufuze mabanja awo mwaulemu, ipite kukawapepesa m'dzina la komboni yonse monga timachitira pa mwambo wathu munthu akafera m'manja mwa mudzi, ndipo chaka chilichonse, Lamulungu loyandikira 18 Epulo, tiwakumbukire m'mapemphero, ana athu akumva chimene chinachitika ndi amene anachichita. Ngati komiti ya msonkhano uno ivomera, ine ndili wokonzeka kuyenda nawo amene adzatumidwe.